Filimu ya Loboti Imene Ndinaonera Theka

Asisi anga, oyamba kubadwa m'mimba mwathu, anafika pa boma pa Feira atakwera pamwamba pa lole ya makala, mkono wamanja ataumangirira pachifuwa ndi chitenje. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene kwathu kuno ngakhale pamthunzi pamawotcha. Ine ndinali nditangoweruka kusukulu kumene ndinkaphunzitsa, ndipo ndinawapeza atakhala pakhonde panga, nkhope ili bii ndi fumbi la makala, pambali pawo pali thumba la masau ouma amene anandibweretsera. Munthu wothyoka mkono, koma masau sanaiwale. Anandiuza kuti mbuzi inawakoka ndi chingwe n'kuwagwetsera pamwala.

Mbuzi za kwathu ku Mburuma ndimazidziwa bwino. Ndi tizinthu toonda, todya minga ndi makungwa, tosatha kugwetsa munthu wamkulu. Chaka chapitacho, chimene chinawatupitsa diso chinali chitseko, ndipo chisanabwere chitseko inali nthambi ya mtengo. Mbuzi imeneyi inkavala malaya, inkamwa kachasu wa masau kuyambira m'mawa, ndipo ine ndinkaigwadira n'kumaitchula kuti alamu. Kuchipatala anawaika pulasitala. Nesi anawafunsa kawiri chimene chinachitika, ndipo kawiri konseko iwo anati mbuzi.

Limeneli linali Lachisanu. Lole ija inali kudzabwerera kumudzi Lolemba m'mawa, ndipo ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuti asisi asadzakweremo. Chipinda chinalipo m'nyumba yanga, bedi linalipo. Mwana wawo wamkazi, amene anamusiya kwa mnansi, ndikanapita kukamutenga ndekha, pakuti mwa mwambo wathu mwana ndi wa kuchikazi. Zonse zinali zotheka. Chosatheka chinali chakuti ine nditsegule pakamwa n'kunena.

Wosadziwa mwambo wathu angandiseke, koma zinali choncho. Amayi athu atamwalira, asisi ndiwo anandilera. Anandisambitsa, anandimeta, anasiya sukulu kuti ine ndipitirize. Mng'ono salowerera za banja la mkulu wake, makamaka mng'ono wosakwatiwa ngati ine, amene kumudzi ankati anakwatiwa ndi choko. Nkhani za banja zili ndi eni ake, amalume ndi ankhoswe, ndipo eni akewo anali atawabweza kale asisi kawiri kwa mwamuna wawo, amalume akunena kuti walira mvula walira matope. Tsiku lina ndinayesapo kuyamba nkhaniyi tili pachitsime. Asisi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa ngati ndaiwala amene ankandipukuta mamina. Ndinakhala chaka chathunthu osayesanso.

Komanso kwathu mawu olemera sanenedwa poyera. Alangizi akamalangiza namwali samuuza kuti chita chakuti. Amamuonetsa, amamuimbira nyimbo, amachita sewero pamaso pake, ndipo tanthauzo amatola yekha. Zimene waonetsedwa zimalemera kuposa zimene wauzidwa. Ine ndinkadzitama kuti zimenezi ndikuzidziwa, ndipo Loweruka lija, ndikuchapa zovala za asisi, ndinaona ngati nzeru zanditsikira kuchokera kumwamba.

Sabata ziwiri m'mbuyomo, masana ena malaiti atathima, tinakhala m'chipinda cha aphunzitsi n'kumaonera filimu pa laputopu ya mnzathu wophunzitsa masamu. Inali ya loboti yooneka ngati mkazi, yogwira ntchito m'nyumba yamagalasi okhaokha ya bambo wina amene anaipanga. Inkaphika, inkakolopa, inkamuvula nsapato. Bamboyo zikamuvuta kuntchito ankaikankha, ankaiponyera makapu, ndipo tsiku lina anaimenya ndi chitsulo dzanja mpaka kung'aluka, mawaya kuonekera. Iye ankati ndi makina, sizimva kanthu. Koma lobotiyo inali itayamba kumva. Inkaima pawindo n'kumayang'ana mvula, inkabisa dzanja long'alukalo m'nsalu alendo akabwera. Kenako m'mawa wina, mwini wake ali kuntchito, inavula epuloni, inaipinda bwinobwino, inatsegula chitseko n'kuima pakhomo, phazi limodzi kunja. Pomwepo batire ya laputopu inatha.

Filimu imeneyo inandikhala pamtima. Choncho Loweruka madzulo ndinapita kwa mnzanga wa masamu uja kukabwereka laputopu. Ndinamufunsa funso limodzi lokha, kuti kodi filimu ija imatha bwanji. Iye anali akupopa njinga yake, ndipo osadzutsa n'komwe mutu anati imatha bwino ngako, ndisadandaule. Sindinafunsenso kuti bwino wake ndi wotani, kapena bwino kwa yani. Nthawi yoti ndiyambe ndaionera ndekha inalipo, usiku wonse unalipo. Koma ndinali wotsimikiza kuti chinthu chimene chaika phazi kunja sichingachitenso china koma kuchoka. Paja amati ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Chimene ndinasamala kwambiri chinali batire, ndipo ndinaitchaja mpaka kudzaza kuti isadzatichitenso chipongwe pakati panjira.

Lamulungu titabwera kutchalitchi n'kudya, ndinayala mphasa m'nyumba, ndinatseka makatani chifukwa cha kuwala, n'kuika laputopu pampando. Kunja kunali zii, anthu onse atabisala dzuwa, kukungomveka injini ya boti yowoloka kupita ku Zumbo. Asisi anati iwo za mafilimu alibe nazo ntchito, ndi za ana ndi anthu osalima, komabe anakhala pansi, mbale ya masau ili pamiyendo. Chizungu samva, ndiye ine ndinali womasulira. Ntchito imeneyi ndinaigwira ndi mtima wonse, kuposa mmene ndinaphunzitsirapo kalasi iliyonse.

Poyamba ankaseka. Anati azungu ulesi udzawapha, mpaka kuumba munthu wachitsulo kuti aziwavula nsapato. Anafunsa ngati chimadya, ndipo nditati ayi anati ndiye chikanakhala bwino kwathu chaka cha njala. Koma bambo uja ataponya kapu yoyamba, kuseka kunatha. Atamenya dzanja lija, asisi anasiya kutafuna. Ndinkawaonera m'mbali mwa diso. Lobotiyo itabisa dzanja lake m'nsalu, iwonso anakoka chitenje n'kuphimba pulasitala yawo, ndipo sindikhulupirira kuti anadziwa kuti atero.

"Kansi chimvela kuwawa?" anandifunsa.

Ndinati inde, chimamva, koma mwini wake sakhulupirira.

Tinafika pamalo paja. Loboti inavula epuloni, inaipinda, inatsegula chitseko. Asisi anali ataweramira kutsogolo, mbale itapendekeka, masau akugubuduzika pamphasa osawaona. Phazi lija litatuluka kunja, anayankhula motsitsa, osati kwa ine.

"Pita, mwana wanga. Osacheuka."

Ndinali nditapambana. Chimene ndinayenera kuchita pamenepo chinali kutambasula dzanja n'kutseka laputopu, n'kunama kuti batire yatha. Ndakhala ndikulitambasula dzanja limenelo m'maganizo kwa zaka zonsezi. Koma batire inali yodzaza, chifukwa cha khama langa lomwe, ndipo ine ndinkafuna asisi aone lobotiyo ikufika kumene ikupita.

Zimene zinatsatira zinali zamanyazi, ngakhale titaiwala za asisi. Filimu imene inayamba mwaulemu, ya chinthu chimene chikuphunzira kumva chisoni, inangosanduka phokoso. Kunatulukira asilikali osadziwika kumene achokera, magalimoto anayamba kuthamangitsana ndi kugubuduzika, nyumba zinaphulika popanda chifukwa. Loboti imene inkaopa kapu inayamba kulumpha madenga ndi kunyamula amuna awiriawiri n'kuwaponya. Za pawindo paja ndi mvula ija anaziiwaliratu. Ngati kuti amene anayamba kulemba nkhaniyo anadwala, n'kusiyira cholembera mwana wake wokonda mfuti. Ndinalibe choti ndimasulire, pakuti kuphulika sikufuna womasulira. Asisi anabwerera m'mbuyo n'kutsamira khoma, akutola masau awo mmodzimmodzi.

Kenako ndinaona kumene zinkalowera. Nyumba yamagalasi ija inagwira moto, bambo uja ali mkati, mwendo utapanikizidwa ndi chitsulo. Loboti inali kale kutali, pamlatho, palibenso woithamangitsa. Inaona utsi. Inaima, nyimbo yachisoni inayamba kulira, ndipo inatembenuka. Inathamanga njira yonse kubwerera, inalowa m'moto, inamunyamula munthuyo ngati khanda n'kutuluka naye, nkhope yake itasungunuka mbali imodzi. Bamboyo analira, anaigwira dzanja long'aluka lija, anapepesa. Anati sankadziwa kuti imamva. Loboti inamuyankha kuti malo ake ndi pamene pali iye.

Apa ndinanama. Ndinamasulira kuti yanena kuti yangobwera kudzatsazika, ikupita ndipo sidzabweranso. Ndinawonjezera zina zambiri zimene chitsulocho sichinanene n'komwe.

"Usaninamize iwe," anatero asisi osandiyang'ana. "Chizungu nimvela lini, koma maso nili nawo."

Maso analidi nawo. Chithunzi chomaliza chinali cha nyumba yatsopano, bambo uja ali pampando, akumangirira bwinobwino dzanja la loboti ndi kasipanala. Atamaliza, lobotiyo inavala epuloni yake, inamuthirira tiyi, onse awiri akumwetulira. Mayina a opanga filimuyo anayamba kukwera. Uku ndiko kunali kutha bwino kwa mnzanga wa masamu.

Patapita kanthawi laputopu inadzithimitsa yokha. Ine ndinayamba kulongolola, kuti filimuyo ndi yopusa, anailemba ndi anthu osadziwa kanthu, munthu womenya sasintha chifukwa cha moto umodzi. Ndinaulula kuti ndinali nditaonera theka lokha. Asisi anandimvetsera mpaka ndinatopa, kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati mmene amachitira munthu akamva ulaliki womukhudza.

"Namvela, mng'ono wanga," anatero. "Wachita bwino kunionetsa. Nenze kuganiza kuti ufuna nichoke pa nyumba. Lomba naona. Ngati chisulo chibwelela kwa mwine wake, nanga ine munthu wobatizika?"

Ndinawauza kuti si zimenezo, ndinalumbira. Koma kwa iwo kukana kwangako kunali ulemu chabe wa mng'ono amene walangiza mkulu wake mwa chining'a, ndiye akuchita manyazi. Munthu wophunzira ngati ine, anatero, sangaonetse mnzake chinthu chimene sakuchidziwa mathero ake. Palibe mlangizi amene amayamba nyimbo asakudziwa pothera. Mwambo womwewo umene ndinkati ndaugwiritsa ntchito mochenjera ndi umene unanditsekera pakamwa.

Lolemba m'mawa ndinalowa m'chipinda muja kuti ndiwathandize kumanga katundu, popeza dzanja linali limodzi. Pabedi anali atayalapo zinthu zimene anabwera nazo pansi pa thumba la masau, zimene ine ndinali ndisanazione. Panali reji yawo, ndiye kuti chitupa chawo cha unzika, yunifomu yawo ya amayi a kumpingo, khadi la kusikelo la mwana wawo ngakhale mwanayo anali atakula kale, ndi chithunzi chokhacho cha amayi athu. Munthu wobwera kuchipatala masiku atatu satenga zimenezi. Ndinakhala pansi pomwepo. Asisi anali atabwera kudzakhala kwanga, osadzabwereranso. Anali atanyamuka okha, popanda filimu ya munthu, ndipo chimene ankadikira kwa ine chinali mawu amodzi olunjika.

Ndinawanena mawuwo pamenepo, nditagwada, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga.

"Asisi, musapite. Azakupayani alamu. Nkhalani kuno."

Anandiyang'ana. Sanakalipe, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Anandigwira tsaya ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti ndikanakamba choncho Lachisanu, mwina. Koma anagona nazo usiku wonse zimene anaona, anapemphera, ndipo mtima wawo wakhazikika. Anandipempha kuti ndiwamangire mfundo ya chitenje, ndipo ndinamanga. Ndinawaperekeza mpaka pamsika, pafupi ndi amayi ogulitsa nsomba zouma, pamene lole inkadikira. Amuna awiri anawakweza kumbuyo, anakhala pa matumba opanda kanthu, ndipo lole itanyamuka sanacheuke.

Laputopu ndinakabweza tsiku lomwelo. Mnzanga uja anandifunsa ngati asisi anasangalala nayo. Ndinamuyankha mawu amene sindingalembe pano, ndipo mpaka anasamutsidwa kupita ku Lusaka sankadziwa chimene anandilakwira. Kunena zoona sanandilakwire chilichonse. Anayankha funso limene ndinamufunsa.

Alamu sanawaphe asisi. Ndinene zimenezi kuti wina asayembekeze maliro. Mvula itagwa, asisi anadula okha pulasitala ndi chikwakwa nthawi isanakwane kuti akabzale, ndipo mkonowo unapola mokhota, moti mpaka lero sautambasula. Chaka china khutu lakumanzere linasiya kumva, akuti chifukwa cha chimfine. Mano awiri akutsogolo anapita ndi chimanga chokazinga. Alamu anakalamba, mphamvu zinachepa, ndiye masiku ano amangotukwana ali pampando. Anthu a m'mudzimo amaloza nyumba imeneyo ngati chitsanzo cha banja lolimba, ndipo amayi a kumpingo anawasankha asisi kukhala mlangizi.

Chaka chatha mwana wawo wamkazi uja anapeza banja. Ndinapita kumudzi monga mayi wake wamng'ono, ndipo masana a tsiku lachilangizo anandilola kulowa m'nyumba ya amayi, ngakhale ndine wosakwatiwa, chifukwa imvi zayamba kundipatsa malo. Mtsikanayo anakhala pamphasa pakati, miyendo atatambasula, mutu ataweramitsa monga mwa lamulo. Mwambo sulola mayi kulangiza mwana wake, koma nyimbo zitatha amayi anzawo anawakakamiza asisi kuti anene kankhani kawo kaja, kamene akuti palibe mkwatibwi wa m'dera limenelo amene amapita kubanja asanakamve.

Sindinadziwe kuti ndi kankhani kanji mpaka atayamba. Anati kudziko la azungu kunali mkazi wachitsulo. Anaifotokoza bwino kuposa eni ake filimu. Asilikali ndi magalimoto anazichotsamo zonse, anasiya dzanja long'aluka, epuloni, phazi pakhomo, utsi, ndi kutembenuka pamlatho. Anaimirira n'kuonetsa mmene chinatembenukira, mkono wawo wokhota uli pachifuwa. Amayi ena ankapukuta misozi. Pomaliza anati nkhaniyi si yopeka, anaiona ndi maso awo pa boma, ndipo amene anawaonetsa, pa nthawi imene iwo anatsala pang'ono kupasula banja lawo, ndi munthu wophunzira amene wakhala apayu. Anandiloza. Nyumba yonse inalulutira.

"Kapena ninama, aphunzitsi?" anandifunsa akumwetulira, mpata wa mano uja ukuonekera. "Siinasile tero?"

Mkwatibwi saloledwa kudzutsa mutu, koma mwanayo anadzutsa maso pang'ono n'kundiyang'ana. Amayi onse ankandidikira. Kutsutsa mkulu wanga pamaso pa anthu, pa tsiku la mwana wake, sindikanatha, ndipo chimene anafunsacho, kuti kodi filimuyo sinathe choncho, chinali choona.

"Inasila tero," ndinatero.

Mwanayo anaweramitsanso mutu. Ndinadzida tsiku limenelo kuposa tsiku la lole lija. M'mawa mwake ndinamukokera kuseri kwa khola la mbuzi n'kumuuza mosazungulira kuti kwanga kuli chipinda ndi bedi, tsiku lililonse, ola lililonse, ndipo sadzafunika kufotokoza kanthu. Anagwada, anawomba m'manja monga anamuphunzitsira dzulo lake, n'kuthokoza maso ali pansi.

Mwezi watha anandiimbira foni kuchokera ku Kavalamanja kumene anakwatiwa. Anati sabwera kudzandiona monga tinapangana, chifukwa njuchi yamuluma padiso ndipo latupa. Ndinamuuza kuti njuchi imeneyo ndikuidziwa, kwathu inkatchedwa mbuzi, ndipo atenge reji yake akwere chilichonse chobwera ku boma lero lomwe. Ndinkamva tambala akulira kumbuyo kwake. Kenako anati ayambe wafunsa amayi ake.